Kudziwa Zaka za Mbaula ndi Zitsulo Zina za Pamoto: Mafunso ndi Mayankho

Pa msewu wochokera ku bwalo la ndege la Mfuwe kulinga ku mlatho wa Luangwa, pamene kale malonda a alendo anali ziboliboli, mitanga ndi nsalu zolochedwa zokha, masiku ano pamamvekanso anthu ofunsa za zitsulo zakale za pamoto: mbaula, miphika ya miyendo itatu, simbi za makala ndi maketulo akuda bii ndi mwaye. Ena ndi eni misasa ya alendo, ofuna kukometsera nazo modyera. Ena ndi alendo a kutsidya kwa nyanja, amene kwawo kusonkhanitsa ziwiya zootchera nyama kuli ndi akatswiri ake. Ndipo pambuyo pa onsewo pamadza ogula zitsulo zakutha, oyenda ndi sikelo, amene safunsa zaka kapena mwini, koma kulemera kokha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri m'dziko la mafumu a Akunda, kwa Nsefu, kwa Jumbe, kwa Kakumbi, kwa Malama, kwa Mnkhanya ndi kwa Msoro.

Kodi mbaula ndi chinthu cha makolo athu, kotero kuti munthu angathe kupeza ya zaka mazana awiri?

Iyayi, ndipo wokuuzani zotere, ngakhale atalumbira pa manda a agogo ake, mumumvere mwaulemu koma ndalama zanu zikhale m'thumba. Moto wa makolo athu, Akunda, Achewa, Ansenga ndi Abisa omwe, unali wa nkhuni pa mafuwa atatu. Ndipo m'chigwa muno, mmene mitengo ya tsanya, imene ambiri kuno amati mupani, imathyoledwa ndi njovu ndi kuuma yokha pansi, panalibe chifukwa choti munthu avutike ndi uvuni wa makala, pamene chikuni chimodzi chinkasunga moto usiku wonse kufikira tambala woyamba. Wofuna kuotcha nsomba kapena mbewa ankazipana pa mpani ndi kuuzika pambali pa moto. Wofuna kuwamba nyama ankamanga thandala. Wofuna kukazinga chimanga kapena kukapala moto kwa mnansi ankatenga phale. Makala analipo ndithu, koma anali a amuna a ng'anjo ndi osula, amene ankawapemerera ndi mvukuto poyenga chitsulo cha makasu, nkhwangwa ndi mikondo.

Mbaula ya lata idabadwira m'tauni. Pamene msonkho wa nyumba, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, udayamba kutulutsa amuna m'midzi kunka ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Wankie ndi ku Johannesburg, ndipo pambuyo pake, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ku migodi ya mkuwa ya ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga, anthu adapezeka m'makomboni mmene nkhuni zinali kutali, tizipinda tili tating'ono, koma zitini ndi migolo yotayidwa zili mbwee. M'menemo ndi mmene chitini choboolaboola chidasanduka malo ophikira ndi ootherapo moto. Kuno kuchigwa idafika mochedwa, ndipo oyamba kukhala nayo anali anthu a malipiro, aphunzitsi, akalaliki ndi asilikali a nyama, amene ankasamutsidwa kawirikawiri ndipo ankafuna moto wonyamulika. Choncho mbaula ya lata yofika zaka makumi asanu ndi nkhalamba yeniyeni, ndipo zotere n'zowerengeka.

Ine ndili nayo yodyeka ndi dzimbiri thupi lonse. Kodi dzimbirilo si umboni wa ukalamba?

Pepani, bambo, dzimbiri ndi mboni yonama kuposa zonse. Moto umayamba wapsereza utoto ndi chotetezera chonse chimene lata lidabwera nacho, phulusa likanyowa limasunga madzi ndi mchere wake pachitsulo, ndipo dzinja limodzi lokha la kuchigwa kuno, mbaula ikaiwalidwa kuseri kwa nkhokwe, likwanira kuionetsa ukalamba umene ilibe. Mayi aliyense wophikira pa mbaula tsiku ndi tsiku adziwa kuti pokhala makala ndi pamene pamayamba kubooka, ndi kuti ya lata lopyapyala sikhalitsa zaka zambiri. Zimene zapulumuka kufika lero ndi za chitsulo chochindikala, kapena zimene zinkatulutsidwa pa masiku a alendo okha.

Komabe dzimbiri lili ndi mitundu, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Latsopano ndi lofiira moyererako, lofumbutuka, ndipo mukapaka chala chimatuluka chofiira. Lakale ndi lodera, lolimba, lomamatira, ndipo pa zogwirira ndi m'mphepete mmene manja ndi miphika zinkakhudza chitsulo chimakhala chosalala ndi chonyezimira pang'ono. Amene amakalambitsa zinthu dala, pozikwirira m'dothi lonyowa kapena pozithira madzi a mchere, amadyetsa dzimbiri paliponse mofanana, pansi ndi pamwamba, m'kati ndi kunja, chimene ntchito yeniyeni ya m'khitchini siichita konse.

Nanga tiyambire pati, ngati mmisiri sadalembepo dzina kapena chaka?

Yambirani pa latalo, pakuti okhoma mbaula sagula chitsulo chatsopano, koma amadula chimene chidagwirapo kale ntchito ina, ndipo ntchito yoyambayo kawirikawiri imasiya chizindikiro. Tembenuzani mbaula, muyang'ane kunsi kwake, pa miyendo, pa kachitseko ka mphepo ndi m'kati mwa mapindo, kumene moto sudafike, ndipo mungapeze kachigamba ka utoto, theka la chilembo, kapena manambala otukuka pachitsulo.

Migolo yamafuta, ija akuluakulu amati ya magaloni 44, imene lero timati ya malita 200, nthawi zambiri imakhala ndi manambala osindikizidwa pansi pake, onena za kuchindikala kwa chitsulo, kukula kwa mgolo, ndi manambala awiri otsiriza a chaka chimene udapangidwa. Ndipo popeza tsinde la mgolo ndilo mmisiri amalikonda podula pansi pa mbaula kapena chiwaya, si zachilendo kuwapeza manambalawo ali moyo. Mukaona muyeso wa magaloni okhaokha, ganizirani za nthawi isanafike miyeso ya malita ndi makilogalamu, imene Zambia idatenga chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Zitini za palafini za ngodya zinayi, za magaloni 4, zina zolembedwa dzina la Laurel, zimene zinkadzaza m'masitolo a Amwenye ndi a Mandala ku Fort Jameson, ndi za nthawi ya atsamunda ndi zaka zoyamba za ufulu. Chizindikiro cha BP chokhala m'chishango chidasinthidwa mu 2000 ndi chija chonga duwa lobiriwira ndi lachikasu, ndipo dzina la Puma lidalowa m'malo mwa BP m'dziko muno cha mu 2011. Palinso zitini za mafuta ophikira a chithandizo, zolembedwa USA, zimene zidachuluka pa chilala cha 1992, chaka cha chimanga chachikasu, ndi pa nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambique amene adakhala ku Ukwimi. Amisiri adazidula zosawerengeka.

Koma gwiritsitsani ichi, pakuti ambiri amagwa pomwepa: chaka cha mgolo si chaka cha mbaula. Monga mwana sangabadwe amake asanabadwe, mbaula singakhale yakale kuposa lata lake. Koma mgolo wa 1965 ungathe kukhala utatunga madzi a ku Lupande zaka makumi awiri, n'kuphikidwamo mowa zaka zina khumi, usanabooke ndi kupita kwa mmisiri. Nambala imakuuzani kuti chinthucho sichidapangidwe chisanafike chaka chakuti. Za mmene chidapangidwira pambuyo pake, siinena kanthu.

Kodi kakhomedwe kake kangatiuze kanthu?

Kangatiuze, koma mbali imodzi yokha. Mmisiri wa pansi pa mtengo, wokhala ndi nyundo, tchizulo, lumo la malata ndi chidutswa cha njanji chosanjikirapo, amalumikiza malata powapinda ndi kuwalowetsana, n'kuwamenya mpaka atagwirana, ndipo zogwirira ndi miyendo amazimanga ndi maliveti, amene ena amadzidulira okha ku msomali kapena ku waya wokhuthala. Mabowo a mphepo oboola ndi tchizulo kapena ndi msomali sakhala ofanana, ena aatali, ena a ngodya zitatu, ndipo kuseri kwake kumatsala mano akuthwa. Oboola ndi makina amakhala ozungulira bwino ndi ofanana onse. Mukapeza mkanda wa kuwotcherera kwa magetsi, zipsera za chopalira cha magetsi, kapena maliveti aja obooka pakati amene amakokedwa ndi pulayala yake, dziwani kuti ntchitoyo ndi ya masiku amene magetsi ndi zida zotere zidafika m'misika yathu, ndipo kuchigwa kuno masiku amenewo si akale.

Tsono mbali inayo ndi iyi, kuti njira ya nyundo ndi tchizulo sidafe ayi. Pitani ku msika wa ku Chipata, kapena pa Mfuwe pomwe, mukapeza mnyamata akukhoma mbaula lero lino monga momwe ambuye ake ankakhomera. Choncho kuwotcherera kumatsimikiza kuti chinthu n'chatsopano, koma kusowa kwake sikutsimikiza kuti n'chakale. Chimene ine ndimachikhulupirira koposa ndi zigamba: mbaula imene pokhala makala padasinthidwa ndi lata la mtundu wina, mwendo umodzi n'kumangidwa ndi waya, chogwirira n'kulowedwa m'malo ndi sipoko ya njinga, imaonetsa kuti idakhala m'nyumba nthawi yaitali ndipo mwini wake adaiyesa yoyenera kuivutikira. Wonyenga sakhala nacho chipiriro chotere.

Bwanji za mbaula zokhala ndi dongo lootcha m'kati, zija zopyapyala m'chiuno?

Zimenezo n'zosavuta. Kapangidwe kake kadakonzedwa ku Kenya chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, potengera mbaula ya ku Thailand, ndi cholinga chochepetsa makala, ndipo kadafalikira m'maiko athu ano pambuyo pake. Palibe imodzi mwa izo imene idaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidatha mu 1963.

Pali mbaula zolemera za limu la galimoto ndi za mgolo wodula pakati, zimene ena amati zidachokera m'misasa yakale ya alendo. Tizikhulupirira bwanji?

Izi ndizo zimakhalitsa, chifukwa chitsulo chake n'chochindikala, ndipo ndizonso zimanamiziridwa mbiri yaikulu. Limu lili ndi ubwino wakuti opanga ake amakonda kusindikizapo manambala, ndipo pa ambiri pamakhala mwezi ndi chaka. Palani pang'ono pakati pa mabowo a mabawuti kapena m'mphepete, muwerenge. Land Rover, imene idayenda m'chigwa muno pamene galimoto zina zinkalephera, idayamba kupangidwa mu 1948, kotero limu lake silingakumbukire nkhondo ya Hitler. Pano ponso lamulo lija likhalabe: limu limayenda pansi pa galimoto, kenaka pansi pa ngolo ya ng'ombe, lisanapatsidwe miyendo itatu ndi kuikidwa pamoto.

Za misasa, mbiri yodziwika ndi iyi. Mbali zina za chigwa zidaikidwa kukhala malo osungira nyama mu 1938. Mu 1950 Norman Carr, mogwirizana ndi Mfumu yaikulu Nsefu, adatsegula msasa wa alendo pa dziko la mfumuyo, ndalama zake n'kumapita kwa eni dziko. Ndipo South Luangwa idakhala paki ya boma mu 1972. Koma amene adagwirako ntchito ya ukhukhi adzakuuzani kuti khitchini ya msasa wa kutchire sinkadalira mbaula yogula. Ankasonkha nkhuni za mupani, moto ukatsika n'kukokera makala ake ndi fosholo, ena pansi pa waya wootchera nyama, ena pansi ndi pamwamba pa bokosi lachitsulo kapena pa lata lovundikira dzenje, mmene buledi ankapsa bwino lomwe. Chotero zotsala zenizeni za misasa imeneyo n'zinthu zosaoneka bwino: waya wopindika, fosholo yopserera kumapeto, bokosi la lata lodetsedwa pachivundikiro, chiwaya cha chimbale cha pulawo ya thalakitala. Munthu akakuonetsani chootchera chokongola nati chinali cha Norman Carr mwini wake, mufunseni mofatsa kuti adachilandira kwa yani, ndipo uyo adagwira ntchito msasa uti, pansi pa kapitawo uti. Yankho loona limakhala ndi maina ndi njira. Labodza limangobwereza dzina lalikululo.

Agogo adatisiyira mphika wachitsulo wa miyendo itatu, wolembedwa Falkirk ndi nambala 3. Kodi nambalayo ndi mizere yozungulira mimba yake ndizo zaka?

Si zaka ayi, mayi. Nambalayo ndi kukula kwa mphika, ndipo wa nambala 3 umalowa malita osafika 8. Mizereyo ndi ya chikombole momwe chitsulo chidathiridwa, ndipo idabadwa nao mphikawo tsiku limodzi. Falkirk ndi mzinda wa ku Scotland umene udatchuka ndi ng'anjo za chitsulo, ndipo miphika yake idafika mu Africa ndi amalonda ndi amishoni. Koma dzinalo lidapitirira kulembedwa pa miphika yopangidwa ku South Africa kwa zaka zambiri, kotero kuti dzina lokha silitsimikiza kuti mphika udaoloka nyanja. Yambiri imene ili m'midzi yathu idabwera pamutu kapena pa njinga ndi amuna obwerera kuchokera ku Harare ndi ku Joni, kapena idagulidwa m'masitolo a ku Fort Jameson ndi ndalama za fodya ndi thonje.

Ngati mufuna kudziwa kuti wanu ndi wakale ndithu, uvundikireni pansi, muyang'ane pakati pa miyendo. Njira youmba miphika yachitsulo mumchenga ndi yakale, pakuti Abraham Darby adailembetsa ku England mu 1707. Ndipo amisiri a zaka za m'ma 1800 ankathirira chitsulo chosungunuka cha pansi pa mphika, n'kutsala chipsera chotukuka, chachitali monga chala, pamene a pambuyo pake adasamutsira pothirirapo m'mphepete ndi kumapala kuti pasaoneke. Mphika wa chipsera chotere, wopyapyala thupi koma wosalala m'kati, miyendo yake itafupika ndi kudyeka chifukwa cha moto ndi kukhulana ndi dothi, ndi woyenera kuusunga ndi ulemu. Onaninso ngati chivundikiro chili chake, pakuti zambiri zidasweka kapena kusinthana pa maliro ndi pa maukwati, pamene miphika ya mudzi wonse imasonkhana pabwalo limodzi. Nambala ya pa chivundikiro iyenera kugwirizana ndi ya pa mphika. Ndipo yesani ndi maginito: akakana kumamatira, mwagwira mphika wa aluminiyamu, wa amisiri a m'makomboni osungunula zitsulo za injini zakutha, umene ndi wabwino kuphikira koma si wa agogo a agogo.

Nanga simbi ya makala yokhala ndi tambala pamphuno pake?

Simbi inali chuma m'nyumba ya mphunzitsi ndi ya mlaliki, ndipo kuno sinali ya ulemerero wokha, popeza chovala choyanikidwa panja m'dzinja, chikavalidwa chosasita, chimabweretsa mphutsi zija zolowa m'khungu. Ku mishoni ya Msoro, kumene wansembe wa Chichewa Leonard Kamungu adagwira ntchito kufikira imfa yake mu 1913, ndi ku Kamoto komwe, mibadwo ya ana a sukulu idaphunzira kukupiza simbi m'mwamba kuti makala ayake. Tambala uja ndi chotsekera chabe, ndipo mafakitale a maiko ambiri adamutengera, kotero kuti iye yekha sanena dziko kapena chaka.

Simbi imene idagwiradi ntchito imadziwika ndi pansi pake posalala kwambiri, m'mphepete mwake mofafanizika, ndi chogwirira chamtengo chakuda ndi thukuta, chopserera cha kunsi, kawirikawiri chosemedwa pamudzi pomwepo chitasweka choyamba. Tambala wake amagwedera chifukwa cha kutsegulidwa kosaleka, ndipo m'kati muli kasefa kachitsulo kogonekapo makala, kapena zizindikiro za pamene kankakhala. Zija zonyezimira ngati golide, zopepuka, zojambulidwa maluwa, m'kati mwake mopanda ndi mwaye womwe, zidapangidwira pa shelefu ya alendo. Kumbukiraninso kuti simbi za makala zikupangidwabe ndi kugulitsidwa m'masitolo lero, pakuti kuthimathima kwa magetsi kwazibwezera ulemu wake.

Kodi tizinthu tating'ono, monga ketulo, mbale ndi nyale, tili ndi phindu lanji pa nkhani imeneyi?

Tili ndi phindu lalikulu, pakuti timeneti ndi timene timalankhula momveka, ndipo tikapezeka m'nyumba imodzi ndi mbaula timathandiza kuiikira nyengo. Maina a maiko amasintha, ndipo chitsulo chimasunga dzina la tsiku limene chidapangidwa. Cholembedwa Union of South Africa ndi cha pakati pa 1910 ndi 1961. Cholembedwa West Germany, monga nyale zambiri za Feuerhand, ndi cha pakati pa 1949 ndi 1990. Cha Czechoslovakia sichingapitirire 1992. Mbale ndi maketulo a Kango a ku Bulawayo, ngati alembedwa Rhodesia, ndi a chisanafike 1980, ndipo akalembedwa Zimbabwe ndi a pambuyo pake. Pakati apo kumbukirani kuti malire a Zambia ndi Rhodesia adatsekedwa kuyambira 1973 kufikira 1978, ndipo pa zaka zimenezo, njanji ya TAZARA ikumangidwa ndi kutsirizidwa mu 1975, katundu wa ku China adadzaza m'masitolo. Mtengo wolembedwa ndi utoto kunsi kwa chiwiya ulinso mboni: wa mashiling'i ndi mapeni ndi wa chisanafike 1968, chaka chimene kwacha ndi ngwee zidayamba.

Woposa onse pa kukhulupirika ndi Primus wa ku Sweden, chitofu chamkuwa cha palafini chimene chinkatsagana ndi mbaula m'nyumba za akalaliki. Kuyambira 1911 opanga ake ankasindikiza chilembo kunsi kwa thanki, A wa 1911, B wa 1912, ndi kumapitirira motero, kotero kuti pa chimenechi chokha munthu angathe kutchula chaka osaopa kutsutsidwa.

Alendo ena amatchula za zootchera za kwawo zokhala ndi chivundikiro chozungulira. Kodi zimenezo amazidziwa bwanji?

Iwo ntchito yao ndi yopepuka, chifukwa zao zidatuluka m'fakitale imodzi yosunga mabuku. Chootchera cha Weber chidayambidwa ndi George Stephen ku dera la Chicago mu 1952, ndipo kuyambira 1979 pa kachitsulo kotsegulira utsi pa chivundikiro pamasindikizidwa chilembo cha chaka, kuyambira pa A. Za kale kuposa apo amazizindikira ndi zogwirira, zimene zidayamba zachitsulo, n'kudza zamtengo, n'kutsiriza za pulasitiki, ndiponso ndi mtundu wa utoto ndi wa mawilo. Zoterezi zimapezeka m'misasa ina ya ku Mfuwe, ndipo amene angakumane nacho chotayidwa ayang'ane kachitsulo kaja asanachigulitse pa sikelo.

Ngati chitsulo sichinena zonse, tifunse yani?

Funsani eni ake akali moyo, pakuti safunsa adadya phula. Mbaula yathu ilibe buku la fakitale, ndipo buku lake ndi agogo aja akhala pakhonde. Koma kufunsa kuli ndi mwambo wake. Mukafika ndi funso lakuti, kodi ichi mudagula chaka chanji, adzakuyankhani kuti kalekale, ndipo mudzabwerera chimanjamanja. Khalani pansi, mupereke moni wokwanira, ndipo mufunse motere: Agogo, mphika uwu udabwera ndi yani? Pamene unkafika, amalume anali atabadwa? Kodi ambuye anali atabwerako ku Wankie, kapena anali asanapite? Pa mpando wa ufumu panali yani? Kodi Chipata inali ikutchedwabe Fort Jameson? Akuluakulu sawerenga zaka ndi manambala, koma ndi ana, njala, madzi osefukira, maliro a mafumu ndi maulendo a amuna awo, ndipo zimenezi zili ndi zaka zodziwika: ufulu mu 1964, chilala cha 1992, chigumula cha Luangwa cha 2007.

Mukatero, ikani mawu a agogo pambali pa umboni wa chitsulo. Zikagwirizana, nkhani yakhazikika pa mboni ziwiri. Zikasiyana, musafulumire kunena kuti nkhalamba yasokonezeka, pakuti kawirikawiri chimene chidachitika n'chakuti mbaula yoyamba idatha, ina n'kulowa m'malo mwake ndi kulowanso dzina lake, ndipo banja likuitchulabe kuti ya ambuye. Mbiriyo ndi yoona, chitsulo chokha ndicho chachiwiri.

Kodi tizitsuke ndi kuzipaka utoto kuti zikongole? Nanga kuphikiramo?

Musapake utoto, ndipo musapale ndi makina, pakuti mukatero mwafafaniza ndi manja anu umboni wonse umene takambawu, ndipo wodziwa zinthu sadzachiyang'ananso kawiri. Chotsani phulusa lonse, pukutani ndi burashi yofewa, pakani mafuta pang'ono, ndipo muike pouma, posagunda dothi. Mphika wachitsulo ungathe kubwerera pamoto mutautsuka ndi kuuotcha ndi mafuta ophikira, pokhapokha ngati sudagwiritsidwepo ntchito yosungunulira mtovu wa maukonde kapena wa mfuti zagogodela, kapena yosungunuliramo mankhwala a thonje. Wotere usaonenso chakudya. Chimodzimodzi chiwaya kapena chootchera chodulidwa ku mgolo umene simudziwa chimene udasunga. Ndipo mbaula iliyonse, yakale kapena yatsopano, isagone m'nyumba yotseka usiku wa mwezi wa June, chifukwa mpweya wa makala ulibe fungo ndipo wapha mabanja ali m'tulo.

Wina akabwera ndi ndalama, tigulitse?

Chinthu ndi chanu, ndipo njala ikalowa m'nyumba palibe angakuweruzeni. Koma dziwani zinthu ziwiri. Choyamba, lamulo la 1989 limene lidakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu za mbiri zimene zidapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'dziko muno chisanafike chaka cha 1924, ndipo zotere sizituluka m'Zambia popanda chilolezo. Mbaula ya lata siifika kumeneko, koma mphika wa chipsera pansi, zida za osula, ndi zotsala za ng'anjo zimene alimi amafukula m'minda zingathe kufikako. Zoterezo malo ake ndi nyumba zosungira mbiri, monga ya ku Livingstone, ya ku Lusaka, kapena Moto Moto ya ku Mbala, imene idayamba ndi zinthu zimene Bambo Jean-Jacques Corbeil adasonkhanitsa m'midzi. Chachiwiri, wa sikelo amalipira mphika wa zaka zana mtengo umodzi ndi chitsulo cha bedi lothyoka, ndipo ukakwera lole yake ulendo wake ndi wa ku ng'anjo.

Ndipo chinthu cha banja si cha munthu mmodzi. Kwathu kuno, kumene mbumba imayang'aniridwa ndi malume, mwana wogulitsa mphika wa agogo mobisa amagula mlandu umene ndalamazo sizingalipire. Musanapange kanthu, itanani akuluakulu a banja, ndipo mwana wa sukulu atenge kope ndi cholembera, alembe dzina la amene adabwera nacho chinthucho, kumene adachitenga, zilembo ndi manambala onse ali pamenepo, ndi mawu a agogo monga momwe awanenera. Achijambulenso ndi foni, pamwamba ndi pansi. Mukagulitsa, wogula atenge chitsulo ndi pepala limodzi, lina litsale m'nyumba. Mukasunga, pepalalo likhale pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi a kusikelo ya ana. Chitani zimenezi chaka chino, agogo akali ndi mawu.